Palovu ya Nduna ya a Holmirza

Ine ndi a Holmirza-aka (kuno mwamuna wamkulu kwa iwe umamutchula kuti aka) timagundana mpanda, ndiye zimene ndinene pano musaziyese za m'maluwa. Ndikakhala pansi pa mpesa wanga ndimamva ngakhale kuyetsemula kwa mphaka wawo.

Bambowa anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, pa sitima yochoka ku Tashkent kupita ku Moscow. Ntchito yake inali yogawa zofunda ndi kuthira tiyi m'matambula, koma mukawamva akusimba mungayese sitimayo ankaikoka ndi iwowo. Atapuma anabwerera kuno ku Kokand ndi zinthu ziwiri: chipewa cha njanji, chimene amavala ngakhale pokagula buledi, ndi nzeru za ndiwo zamasamba za dziko lonse lapansi. Nzeruzo anazitola kwa apaulendo. Ku India, akuti, anthu amadya therere mpaka kuiwala kufa. Ku Korea kabichi amamukwirira mumtsuko, n'chifukwa chake kulibe wodwala dzino. Mjeremani akadzuka amayamba watafuna karoti wosaphika asanapereke moni kwa mkazi wake. Konseko iwo sanapondeko. Ku Moscow komweko, anandinong'oneza wina amene ankagwira nawo ntchito, sankapitirira mpanda wa siteshoni.

Ife akuno, kwa iwo, ndife zigawenga zopha masamba. "Karoti mumamumiza m'mafuta a mchira wa nkhosa mpaka mavitamini onse atafa! Anyezi mumamuwotcha ngati anakuberani!" Amanena zimenezi dzanja lili m'mbale ya palovu, mpunga wathu wophikira pamodzi ndi nyama ndi karoti, ndipo ndi dzanja lophunzira bwino: limalambalala karoti n'kukatulukira pa nyama.

Sukulu yawo yeniyeni inali podula karoti. Mawa lake kukakhala ukwati, amuna a mumsewu wathu timasonkhana masana pabwalo la mwini mwana, aliyense ndi mpeni wake ndi kathabwa kake, matumba a karoti wachikasu ali pakati. Timadula timizere tonenepa ngati pensulo, uku tikumva amene wagulitsa ng'ombe mobisa ndi amene mpongozi wake wabwerera kwawo. Munthu akakuitana kudzadula karoti ndiye kuti amakuwerengera. Akapanda kukuitana, pita ukafunse chimene unamulakwira. A Holmirza sankajomba. Ankafika oyamba, n'kukhala pamtsamiro wofewa, mpeni atauiwala kunyumba.

Tsiku lina Mamarasul wometa tsitsi, amene pakamwa pake ndi pakuthwa kuposa lumo lake, anawayesa.

"Holmirza-aka, lero ndatenga mipeni iwiri. Nawu wina."

"Mng'ono wanga, dzanja ili linathirapo tiyi wa nduna. Iwe dula, ine ndizikuuza chimene ukuwononga."

"Ndunayo ndi imene inakuuzani za mavitamini?"

"Inagona ulendo wonse. Koma nkhope yake inali ya munthu wodya masamba."

Tinawapirira zaka zambiri chifukwa cha mwana wawo wotsiriza, Zulfizar. Mtsikanayu anali namwino, ndipo mumsewu mwathu mulibe nkhalamba imene sanaibayepo jakisoni kunyumba, mvula kaya chisanu, popanda kukwinya nkhope. Mmene munthu wolongolola chotere anaberekera mwana wofatsa chonchija, tinazisiya m'manja mwa Mulungu.

Ndiye Zulfizar anafunsiridwa ndi banja la a Abdusattor-hoji a ku Margilan. Anthu a ku Margilan amaluka nsalu zabwino, koma amalukanso mayina, ndipo dzina lawo likakumata silichoka ndi sopo. Kumeneko kuli mayi wina wa zidzukulu kale amene mpaka lero amatchedwa Mpunga Wosapsa, chifukwa cha palovu imene bambo ake anadyetsa alendo m'mawa wa ukwati wake. Zulfizar ankakakhala kumeneko moyo wake wonse, pakhomo pa apongozi ake, ndi dzina lililonse limene mbale ya bambo ake ikanamupatsa.

Tinanola mipeni. Ena tinagula ndi timathabwa tatsopano, poti ndi ukwati wa Zulfizar. Tinadikira kuitanidwa, koma kunali zii. Litatsala tsiku limodzi, Mamarasul anawaimitsa panjira.

"Aka, karoti uja tidula nthawi yanji?"

"Kwanga kulibe zachikalekale. Pumulani, mawa mudzangobwera ndi pakamwa."

Kunali kuti apita kumsika, kwa amayi ena a Chikoreya ogulitsa karoti wa tsabola, n'kugula zopalira zimene amayiwo amapalira karoti wawo kuti aoneke ngati ulusi. Anagulanso matumba a karoti wofiira, poti ndiye amadya Mjeremani. Karoti akaonda, ankatero, vitamini savutika kutuluka. Musaganize kuti anapala okha. Anakhazika akazi awo, mayi Oftobhon, ndi azichemwali awo pabwalo, iwo n'kukhala pamtsamiro. Ine ndinali pansi pa mpesa wanga, kuthirira maluwa amene ndinali nditathirira kale.

"Bambo a Zulfizar, pitani mukaitane anthu. Dzuwa likadalipo."

"Palani, amake mwana, palani. Mawa a ku Margilan aona chitukuko."

"Aona zala zanga mumpunga."

"Ku Korea mayi mmodzi amapala thumba lonse uku akuimba."

"Mukanakwatira ameneyo."

Amuna tinakakhala kunyumba ya tiyi, milomo itatalika. Mkwiyo wa munthu amene wanola mpeni pachabe ndi woopsa. Ena analumbira kuti sapondako. Mamarasul anati iye apita ndithu, chifukwa sanajombepo maliro mumsewu muno, ndipo sayambira pa maliro a mpunga.

M'bandakucha kunafika Usta Norkozi, wophika palovu ya maukwati, munthu wonyada amene salola ngakhale mwini ukwati kusuzumira mumphika. Anaona mabeseni odzaza ndi ulusi wofiira ukukha madzi.

"Ichi n'chiyani? Mwameta mbuzi?"

Anamanga zida zake kuti azipita. Mayi Oftobhon anamugwira mkono wa chikhoti, zala zawo zili zomanga ndi tinsanza. Usta anayang'ana zalazo, kenaka anamasula zida.

"Ndiphika, mlongo wanga. Koma wina akafunsa, Norkozi anali ku Namangan kwa odwala."

Pemphero la m'mawa litatha malipenga analira, ndipo tonse, ndi olumbira aja omwe, tinakhala pamatebulo amene anayalidwa mumsewu. Alendo a ku Margilan anali asanafike. Mbale zoyamba zinabwera, imodzi pa anthu awiri monga mwa nthawi zonse.

Abale anga, palovu yeniyeni njere iliyonse imayenda yokha. Iyi njere zonse zinali zitagwirana ngati abale pa maliro. Karoti anali atasungunuka, mpunga utamwa madzi ake, chonsecho chili psuu, chotsekemera, chonanda m'manja ngati phala la mwana. Ukachitapa chinkabwera ndi mbale yomwe. Mamarasul anaimikamo supuni ya tiyi, ndipo inaima njo ngati msilikali. Tinaseka mpaka misozi. Zaka zonse za mavitamini zija zinali zitabwera patebulo kuti tizione ndi maso.

Tikuseka choncho, mayi Oftobhon anaonekera pageti, malo amene mayi saima m'mawa wotere, poti palovu ya m'mawa ndi ya amuna okhaokha. Sanakuwe. Anangoti chapansipansi, "Mamarasul-aka, mwana uja wamva kuseka kwanu. Wadzitsekera kuchipinda." Anabwerera mkati.

Pomwepo basi ya ku Margilan inakhota pakona.

Mbale ya palovu ikabwerera kukhitchini ndi chakudya, ndiye kuti mlendo wanena zonse osatsegula pakamwa. Mamarasul anazula supuni ija, n'kuimirira.

"Balalikani! Aliyense agwire mlendo wake, mbale imodzi. Idyani ngati mwachokera kundende. Woseka ndimumeta nsidze."

Iye anakagwira a Abdusattor-hoji enieniwo, nkhalamba ya ndevu zoyera ndi maso osuzumira. A Hoji anayang'ana m'mbale nthawi yaitali, osatambasula dzanja.

"Hoji-aka, mwaizindikira eti?" anatero Mamarasul, akutapa chimbamu. "Palovu ya pa sitima ya ku Moscow imeneyi, yodya nduna zokhazokha. Kuno timaiona mwa apo ndi apo, pa ana okondedwa basi. Kapena ku Margilan sinafike?"

Munthu wa ku Margilan angalole kumeza mwala kusiyana ndi kuvomera kuti chinthu chafika ku Kokand chisanafike kwawo. A Hoji anasisita ndevu.

"Inafika kalekale. Mlamu wanga amaiphika." Anatapa pang'ono, n'kumeza movutikira. "Kungoti yake imafewa kuposa apa."

"Aa, mwaona! Akatswiri ali kwanu. Usta wathuyu dzanja lake n'louma."

Usta Norkozi, amene anali atabisala kuseri kwa mphika chipewa chili m'maso, anamva zimenezo. Akuti anafuna kutuluka ndi chipande, koma anthu anamugwira.

Ine ndinagwa pa mphwake wa mkwati, mnyamata wamkulu thupi koma wochenjera, amene anangotola nyama n'kundikankhira phiri lonse. Ndinalidya. Inabwera mbale ina ndi mlendo wina, ndinaidyanso. Kuyang'ana uku ndi uku, ndinaona amuna aulemu wawo, ena odwala shuga, ena opanda mano, thukuta lili kamukamu, akunyambita zala n'kumati, "Koma lero tadya!" Ndipo pakati pathu pankadutsa a Holmirza, chipewa cha njanji chili pamutu, akugwira alendo paphewa. "Asewere, mukuwamva mavitamini? Osatafuna kwambiri, amalowa okha."

Mbale zonse zinabwerera zoyera. Alendo anakwera basi akukangana kuti ndani mwa iwo anayamba kudya palovu ya nduna, ndipo chaka chanji. Mumsewu mwathu tsiku limenelo simunayende munthu. Ine ndinagona chagada mpaka madzulo, mkazi wanga akundifunsa ngati aitane ana adzatsanzike.

Zulfizar ali ku Margilan, ali ndi ana awiri, ndipo amamutchula Zulfizar basi. Apongozi ake akuti amauza anansi kuti anatenga mwana wa pakhomo podya za nduna.

Ife ndi amene tinatsala ndi chilango. Nkhani yeniyeni ikatuluka mumsewu muno, mawa lake yafika ku Margilan, ndiye palibe angawauze a Holmirza zoona. Iwo akudziwa chinthu chimodzi: pa maukwati onse a mumsewu muno, ndi pawo pokha pamene sipanatsale njere. Kunyumba ya tiyi sakhalanso m'mbali, amakhala pakati. Akafika pa nkhani ya ukwati uja amaloza Mamarasul.

"Uyu ankanditsutsa zaka zonse. Tanena pamaso pa anthu, mng'ono wanga, unadya mbale zingati?"

Mamarasul amayang'ana m'kapu ya tiyi.

"Zambiri, aka."

"Inali bwanji?"

"Sindidzaiwala, aka."