Mizere makumi anayi imene ndinafufuta

Pa depoti yathu ya mankhwala aliyense ankawatchula kuti a Pensulo, chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwawo ngakhale podya. Ntchito yawo inali yosankha kuti chipatala chilichonse, mwa zipatala zing'onozing'ono makumi atatu zimene timatumikira, chilandire makatoni angati pa mwezi. Anayamba ngati wonyamula katundu, sukulu atailekera panjira, ndipo anakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa tebulo la pakona, pafupi ndi chitseko chachikulu chimene malole amapakirirapo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ali pa tebulo limenelo, palibe chipatala chimene mankhwala anachithera chifukwa cha iwo. Sankadzitama nazo, koma ukawayamikira ankaweramitsa mutu n'kumwetulira ngati mkwatibwi. Galimoto analibe, nyumba inali ya lendi. Chimene anali nacho ndi mbiri yabwino imeneyo basi.

Ine ndinabwera ndi digiri, laputopu, ndi mtima wodzimva. Abwana anandilemba ntchito kuti ndipange pulogalamu ya pakompyuta yophunzira mmene a Pensulo amaganizira, kuti tsiku limene adzapume pa ntchito, nzeru zawo zisadzapite nawo kumudzi. Maganizo ake anali abwino ndithu. Ovuta tinali anthufe.

Lolemba loyamba ndinakokera mpando pafupi ndi tebulo lawo, laputopu ili pamiyendo.

"Bambo, mukamalemba kuti chipatala chakutichakuti chilandire makatoni khumi, mumatengera chiyani?"

Anayang'ana laputopu ija kwa kanthawi, n'kukonza kolala ya shati.

"Ndimaphatikiza zimene agwiritsa ntchito miyezi itatu yapitayo, n'kugawa patatu, n'kuwonjezerapo pang'ono. Monga mmene buku limanenera, mayi."

"Basi?"

"Basi."

Ndinasangalala, chifukwa yankho limenelo linali losavuta kulowetsa m'kompyuta. Kenako ndinalowetsa mabuku awo akale a zaka zisanu ndi zitatu kuti ndione ngati zonena zawo zikugwirizana ndi zochita zawo. Pafupifupi paliponse zinkagwirizana. Panali chipatala chimodzi chokha, cha kutsidya kwa mlatho, chimene chinkasokoneza zinthu. A chipatalacho akapempha makatoni asanu a mankhwala a malungo a ana, a Pensulo ankatumiza khumi, ndipo mvula ikayandikira ankafika mpaka khumi ndi asanu. Ndinawerenga mizere yotere makumi anayi.

Kuchoka pa tebulo langa kufika pa tebulo lawo ndi masitepe makumi awiri, ndinachita kuwawerenga pambuyo pake. Sindinapite kukawafunsa. Lipoti linkafunika Lachisanu, ndipo mizere ija inkakhotetsa chithunzi changa cha manambala, chimene ndinkafuna kuti chioneke chowongoka pamaso pa abwana. Ndinadziuza kuti mkuluyu ayenera kuti ankatopa, kapena ali ndi m'bale wake kutsidyako. Ndinaifufuta yonse, osauza munthu.

Lachisanu m'chipinda chamisonkhano ndinalankhula bwino kwambiri, mwinanso mopitirira. Ndinati pulogalamu yanga ikuganiza ndendende ngati a Pensulo. Ndinaonetsa pakhoma dongosolo la mwezi wotsatira, chipatala ndi chipatala. Nditafika pa cha kutsidya, pamene panalembedwa makatoni asanu, a Pensulo anakhosomola n'kukweza dzanja pang'ono, kulekeza paphewa.

"Cha kutsidya chija, bwana, pali kankhani..."

"Achikulire," anatero abwana, "mwayamba kale kuchitira nsanje makina?"

Anthu anaseka. Amene anaseka kwambiri ndinali ine, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe chimene ankafuna kunena, ndipo ndinkafuna kuti phokoso lichikwirire. Dzanja lija linatsika.

Kuyambira mwezi umenewo pulogalamu inayamba kugawa katundu, ndipo a Pensulo anaikidwa pa chitseko kuti azingowerenga makatoni okwera m'malole. Mvula itayamba, mtsinje unadzaza n'kumiza mlatho milungu itatu. Mlungu wachiwiri usanathe, mankhwala a ana kutsidya kuja anali atatheratu. Dalaivala wathu wa njira imeneyo anatiuza kuti namwino wa kumeneko ankadula mapiritsi a akuluakulu ndi lezala, ndipo nawonso atatha, azimayi anabereka ana kumsana n'kuyenda ulendo wa tsiku lonse, kuzungulira njira ya kumtunda, kukafuna chipatala china. Sindinamufunse ngati onse anakafika bwino. Mpaka lero sindinafunse.

M'mawa wa tsiku limene abwana anaitanitsa msonkhano wofufuza nkhaniyi, ndinawapeza a Pensulo atakhala pa katoni yopanda kanthu pafupi ndi chitseko. Anali atachepa thupi ngati munthu wochokera m'chipatala.

"Bambo, n'chifukwa chiyani munkatumiza zambiri kutsidya kuja?"

Anafotokoza mosabisa, maso ali pansi. Namwino wa kumeneko anakalipiridwapo pagulu zaka zapitazo chifukwa mankhwala ena anamuthera mphamvu pashelefu. Kuyambira pamenepo amapempha theka la zimene akufuna, ndipo akaperewedwa amabwereka kwa anzake mwakachetechete, moti m'mabuku ake zimaoneka ngati amagwiritsa ntchito zochepa. Za mlatho, a Pensulo ankazimva kwa madalaivala. Lolemba lililonse ankamwa nawo tiyi n'kumawafunsa kuti madzi afika pati, msewu wakumbika pati, ndani wadwala.

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Mukanalemba kuti chiyani m'makina anuwo, mayi? Kuti namwino ndi wamantha?" Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka. "Inu mwapita kusukulu. Ndinaopa kuti muziti mkuluyu amayendetsa depoti ndi nkhani za pa tiyi. Ndinachita manyazi, ndiye ndinakuuzani za m'buku."

Kenako anandiyang'ana koyamba.

"Koma manambala anga anali m'mabuku muja. Makinawo sanawaone?"

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula.

"Sanawaone, bambo," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti anandikhulupirira. Chimenechi ndiye chimandipweteka kwambiri.

Mu msonkhano muja abwana sanaseke ngati kale. Anati akuluakulu akufuna kudziwa kuti vuto linayambira pati, ndipo akufuna dzina, osati nkhani yaitali. Ine ndinali nditatsegula laputopu, ndikuyang'ana pagalasi lake ngati pali china chofunika chimene ndikuwerenga. Ndinamva mpando ukukhulana ndi simenti. A Pensulo anali ataimirira, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Bwana, mwanayu musamuimbe mlandu. Anandifunsa bwinobwino, ine ndi amene ndinamunamiza. Makina anaphunzira zimene ndinawauza."

"Ndi zoona zimenezi?" abwana anandifunsa.

Zinali zoona, koma theka chabe, ndipo theka linalo linali ndi ine. Anthu onse ankandiyang'ana. Ndinaganiza za ntchito yanga imene inali isanathe ndi chaka chomwe, ndinaganiza za mayi anga amene ankauza aliyense kuti mwana wawo amaphunzitsa makompyuta kuganiza.

"Ndi zimene anandiuza," ndinayankha.

A Pensulo anapuma pa ntchito mwezi wotsatira, kutatsala chaka kuti nthawi yawo ikwane. Panalibe mwambo wotsanzikana nawo, iwo eni anakana. Asanapite anakhala nane masiku atatu, kundiuza za chipatala chilichonse, namwino aliyense, mlatho uliwonse, ndipo ankapepesa pafupipafupi kuti anandiika m'mavuto. Mizere ija ndinaibwezeramo mwakachetechete, ndipo pulogalamu tsopano imagwira ntchito bwino, moti abwana amandiyamikira pamaso pa alendo.

Lipoti la kufufuza kuja lili m'kabati ya mu ofesi, mu fayilo yachitatu kuchokera kumanzere. Pa mzere wofunsa amene anachititsa vuto pali dzina la a Pensulo. Amene anataipa lipotilo ndine.