Juzi ya a Tadikirani

Amuna anga anthu amawatcha a Tadikirani, ndipo dzinali anadziputira okha. Munthu akakhala pakampando kuti amujambule, iwo amasuzumira mu kamera, n'kudzutsa mutu, n'kunena kuti, "Tadikirani pang'ono." Atha zaka makumi awiri ndi zisanu akunena mawu omwewa m'kachipinda kawo kuseri kwa sitolo ya nsapato, kujambula ofuna ziphaso, akwati ndi ana olira. Lamulo lawo ndi limodzi: sadina batani mpaka mapewa a munthu atatsika. Amati nkhope imanama, koma mapewa sadziwa bodza. Ukawafulumiza amakuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpaka chaka chino, ine mkazi wawo ndinali ndi chithunzi chimodzi chokha chojambula iwo, cha pachiphaso, ndipo ndimaoneka ngati andigwira ndikuba. Ndikapempha china ankati mawa.

Chaka chino anawaitana ku chikondwerero cha mafilimu chimene chimachitika mkati mwa nyengo yozizira. Anawapatsa kangodya m'khonde la holo, pafupi ndi chitseko, pomwe mphepo imalowa ngati nayo yagula tikiti. Anapachika nsalu yotuwa, n'kuimika nyali ziwiri ndi kampando. Ntchito yawo inali kujambula osewera m'mafilimu mmodzimmodzi, ndipo zithunzizo ankazipachika pakhoma tsiku lotsatira. Ine ndinawalukira juzi yobiriwira kuti chifuwa chawo chija chisayambirenso. Ulusi unandithera ndili padzanja lamanzere, ndiye ndinamalizira ndi wofiira. Zala zinandiwawa masabata atatu.

Tsiku lachitatu ndinawapititsira tiyi mu fulasiki. Ndisanawapeze, maso anga anagwera pakhoma. Panali chithunzi chachikulu kuposa zonse, anthu ataunjikana pansi pake: mayi wina wa m'mafilimu, khosi lalitali, maso ofatsa, mapewa atatsika bwinobwino. Anali atavala juzi yanga, chibwano atatsamiritsa padzanja lofiira lija. Sindibisa, nsanje inandigwira.

"Abambo, juzi ija ndinalukira ndani?"

"Mayi, tsitsani mawu," anatero. "Anthuwa amabwera atavala zopyapyala, akunjenjemera. Munthu wozizidwa mapewa amakwera mpaka m'makutu. Ndiye ndimawafunditsa juziyi kaye, akafundidwa ndimaichotsa, kenako ndimajambula. Mayi ajawa anangokana kuvula."

"Ndiye kuti yavalidwa ndi holo yonse?"

"Osati yonse. Mwina anthu makumi atatu."

Ndinaima kuseri kwa nyali n'kumaonerera. Mtsikana wina anakhala pakampando, iwo n'kumufunditsa juzi yanga, n'kumukonzera kolala. Anamufunsa za kwawo, za mayi ake, zoti m'mawa wadya chiyani. Anamuyang'ana kumaso mphindi makumi awiri osatopa. Pamenepo ndinadziwa kuti chondipweteka si juzi ayi. Kunyumba bambo amenewa amandiyang'ana nthawi yongokwanira kufunsa komwe kuli masokosi awo.

M'mawa mwake ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kukaima pamzere ngati aliyense. Nditafika kutsogolo, mayi woyang'anira mndandanda anafufuza dzina langa papepala osalipeza.

"Ndine mwini juzi," ndinatero, n'kukhala pakampando.

A Tadikirani anandiyandikira. Anavula juziyo n'kundifunditsa. Inkanunkhira mafuta a akazi osachepera asanu. Anabwerera kuseri kwa kamera, anasuzumira, n'kudzutsa mutu.

"Tadikirani pang'ono."

Ndinadikira. Mzere unakula mpaka panja, woyang'anira uja akuyang'ana wotchi. Ine ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa, koma batani osadinidwa.

"Dinanitu, abambo."

"Sanatsike."

"Satsika amenewa, ndi mmene ndinabadwira."

"Ayi," anatero motsitsa. "Ndinawaonapo atatsika. Chaka chathu choyamba, mukuyanika zovala kuseri kwa nyumba, mukuimba. Kamera inalibe filimu tsiku limenelo. Ndakhala ndikudikira kuyambira pamenepo."

Ankaganiza kuti andinyengerera, koma anangothira mafuta pamoto. Ndinaiwala zoti pali anthu. Ndinawafunsa kuti mapewa angatsike bwanji atasenza ana anayi, apongozi odwala zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mwamuna amene amadziwa zomwe alendo adya m'mawa koma osadziwa ngati mkazi wake wadya. Ndinawauza kuti alendo amawafunditsa kaye, koma ine amangodikira kuti nditsike ndekha. Ndinanena zonse, mpaka za ulusi wofiira. Kenako mawu anandithera. Ndinapuma mpweya wautali, thupi lonse n'kulefuka.

Nyali zinang'anima.

Chithunzicho sanachipereke kuti chikapachikidwe pakhoma la holo, ngakhale woyang'anira uja anachipempha kawiri. Anachiika mu felemu, n'kuchiimika pashelefu pabalaza, pambali pa wailesi. Muli mayi wa maso onyowa, nkhope yofewa, juzi yobiriwira itapendekera mbali imodzi, mapewa ali pansi. Ndi wokongola, ndikuvomereza. Ine sindinakumanepo naye pagalasi.

Masiku ano amandifunsa ngati ndadya, zimenezo asintha. Koma m'mawa uliwonse amatenga kapu ya tiyi, n'kukaima kutsogolo kwa shelefu ija mpaka tiyi kuzizira. Dzulo ndinawerenga pawotchi, zinakwana mphindi khumi ndi ziwiri. Ine ndinali chiimire kumbuyo kwawo, masokosi awo ali m'manja, mapewa ali m'makutu, ndikuchita nsanje ndi mkazi amene ndinamubweretsa ndekha m'nyumba muno.