Tsiku Limene Ndinakana Gitala Langa

Nthawi ya nkhondo, amalume anga anandiperekeza kusitolo ina ya ku Highfield kukasankha ampulifaya, chokuzira mawu a gitala. Ndinkafuna yobangula, yoti gitala langa lizimveka kuposa ng'oma. Wogulitsa anati ndiyese motsitsa, koma ine ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto n'kumenya nsambo. Inalira ngati bomba.

Posakhalitsa apolisi awiri analowa, zala zili pamfuti.

"Wachita zimenezi ndani?"

Gitala ndinali nditaliponya kale pampando. Ndinaloza amalume, mkulu wa mpingo amene sanaligwirepo chibadwire.

"Imbani timve, mudhara," anatero wapolisi mmodzi, kutanthauza kuti madala.

Amalume anakanda nsambozo, thukuta lili kamukamu, mpaka apolisiwo anaseka n'kutuluka.

Ampulifayayo tinagulabe. Pobwerera kwathu ku Mufakose amalume sanandikalipire. Anangondisenzetsa pamutu nati, "Tsogola, katswiri."