Kabedi Komwe Tinamaliza Popanda Hamala

Ntchito yanga yoyamba inabwera chifukwa cha benchi ya kutchalitchi. Inathyoka mwendo kwaya ili mkati moimba, ine n'kuimanga ndi waya. Ba Mweemba, kalipentala yemwe ankaimba besi, anayang'ana wayayo n'kupukusa mutu, kenaka anauza bambo anga kuti, "Uyu ali na manja, koma ni manja yosaphunzira. Mumutume Mande." Bambo, omwe anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji ku Livingstone, anavomera ine ndisanafunsidwe n'komwe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, malire a Rhodesia ali otseka. Penti ndi masikuluu zinkasowa, sopo tinkachita kumuimira pamzere. Miyezi yoyamba sowo sindinaigwire. Ndinkawongola misomali yakale, kunola tchizulo ndi puleni, ndi kusalaza matabwa a mukwa ndi sandipepa mpaka zala kuchita dzanzi. Tinkapanga zitseko, matebulo ndi mabokosi a maliro, ena aang'ono oti n'kunyamula m'khwapa. Amenewo ndinkadana nawo.

Tsiku lina kunabwera Ba Likando, bambo wa ku komboni ya Dambwa wogwira ntchito pa sitima. Anali ndi chingwe chomanga mfundo m'manja. Ankafuna kabedi ka khanda koika pambali pa bedi lalikulu.

"Mukazi wanga sagona," anatero. "Mwana woyamba tinamupeza wazizira pa bedi, pakati pa mai wake na chipupa. Bantu banakamba kuti anamugonera. Manje uyu wachiwiri amamugwira chabe kumanja, ali nkhale."

Ba Mweemba anatenga chingwe chija, chomwe mfundo yake inali msinkhu wa bedi, n'kundipatsa ine. Aka kanali koyamba kundilola kudula thabwa la kasitomala.

Kabedi ka mtundu umenewu kali ndi malamulo ake, ndipo ndinawaphunzira sabata imeneyo. Mbali zitatu zimakhala ndi timatabwa toima, yachinayi imakhala yotsegula, yoyang'ana kwa mayi. Mpata wa pakati pa timatabwato usapitirire zala zitatu, kuti mutu wa mwana usalowe. Pansi pake pakhale thabwa lolimba, kamatiresi kouma kokwana ndendende, kopanda pilo. Ba Likando ankafuna penti yoyera ndi maluwa osema ngati a amisiri a ziboliboli a ku Mukuni. Abwana anakana. "Mwana amanyambita vonse. Penti yamene tipeza masiku yano sitiziba vamene vilimo." Thabwa lililonse ankaliyesa polipititsa pa tsaya lawo, likakanda n'kundibwezera.

Loweruka masana tinakakweza kabediko pa wilibala mpaka ku Dambwa. Ndinalowa m'nyumbamo monyada, koma nditaona Ba Namakau, mkazi wa Ba Likando, kunyada konse kunathera pakhomo. Anakhala pa mpando wouma dala kuti tulo tisawabe, maso ali psuu, khanda lili pachifuwa. Sindinaonepo munthu wotopa choncho.

Titasendeza kabediko pafupi ndi bedi, ndinaona vuto. Kanali kafupi. Bedi lawo lachitsulo analikweza pa njerwa, monga ankachitira ambiri kuti pansi pakwane katundu, ndipo Ba Likando poyeza ndi chingwe anayambira pa mwendo wa bedi, njerwa osaziwerengera.

"Tiike chabe njerwa na kuno," anatero Ba Likando.

"Njerwa imayenda," anayankha Ba Mweemba. "Ikayenda, pasala mpata. Mpata ndiye umapaya bana. Bedi iseluke."

Koma kuti bedi litsike, sutikesi yachitsulo yomwe inali pansi pake inayenera kuchoka. Ba Likando anaiyang'ana, n'kuyang'ana mkazi wawo, osasuntha. Munali tizovala ta mwana woyamba uja, ndipo chimuikireni m'manda palibe anaikhudza. Tinangoima chilili, ine osadziwa poika maso. Kenaka Ba Namakau anadzuka, napereka khanda kwa mwamuna wawo, nagwada n'kuikoka okha sutikesiyo. Anaipukuta fumbi ndi chitenje chawo n'kukaiika pakona. Sanalire. Anangoti, "Selusani."

Tinachotsa njerwa, matiresi awiriwo n'kulingana bwino. Panatsala kampata kolowa dzanja chifukwa chitsulo cha bedi chinatulukira kunja, choncho ndinapala thabwa lotsekera pomwepo pakhonde. Kabediko kanayeneranso kumangiriridwa ku bedi kuti kasamasunthe. Abwana anapempha mayiwo kuti agone pa bedi ndi kuika mwana chagada m'kabedimo, tione ngati dzanja lawo likufika.

Dzanja linafika, n'kukhala pa kamimba ka mwanayo. Ine ndinatembenuka kutenga hamala kuti ndikhomere thabwa lija, koma Ba Mweemba anandigwira mkono. Ndinayang'ana pa bedi. Ba Namakau anali atagona tulo, pakamwa pali yasa, dzuwa likuswa mtengo panja.

Abwana anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala momwe ankasungamo masikuluu awo a mkuwa, omwe ankawaumira ngakhale pa zitseko za anthu olemera, ndi kachidutswa ka sopo. Sikuluu iliyonse ankaipaka sopo kuti ilowe mosalira, n'kundipatsa. Ndinagwada pansi pa bedilo n'kumapotokola pang'onopang'ono, thukuta likulowa m'maso, ndikumva kupuma kwa anthu awiri pamwamba pa mutu wanga. Ndinachita mantha a mtundu wina, ngati omwe ndinkamva ndili mwana polowa m'tchalitchi mopanda anthu. Mukwa womwewo womwe ndinkapangira timabokosi tija ndi umene unanyamula mwana wamoyo.

Titamaliza, Ba Mweemba anatsamira pa kabediko ndi thupi lawo lonse, anayesa kulowetsa zala paliponse, osapeza polowa. Tinatuluka nsapato zili m'manja. Wilibala tinainyamula m'malere mpaka kumsewu chifukwa tayala lake linkalira.

Ndapanga timabedi tambiri kuchokera pamenepo, ndipo sindilandiranso muyeso wa chingwe. Ndimapita ndekha kukaona bedi, pansi pake ndi chipupa. Anthu posankha amayang'ana maluwa ndi penti, ine ndimayang'ana mipata. Kasitomala akabwera kudzayamikira kuti kabedi n'kokongola, ndimathokoza, kenaka ndimafunsa funso lomwe Ba Mweemba anafunsa Ba Likando Lolemba lotsatira, asanawapatse n'komwe moni: "Bamai bagona?"