Kampando Kosendera Kutsogolo

Fungo la mkungudza likangondipeza, ngakhale pashedi ya akalipentala ku Limbe kuno, ndimabwerera ku Likhubula, pakhonde pa agogo anga aamuna, pomwe utsi wa nyemba za kalongonda zoterekedwa kuyambira mbandakucha unkasakanikirana ndi kamphepo kozizira kotsika m'phiri, iwo atakhala pa kampando kawo akusisita mawondo uku akukalipira nkhuku. Agogowo ananyamulira alendo katundu kukwera phiri la Mulanje kuyambira unyamata wawo mpaka mawondo atakana. Kampandoko anasema okha ndi mkungudza, kotalikirapo pang'ono kuti asavutike podzuka, ndipo sankakhalira china, kaya ndi pamaliro kaya ndi kutchalitchi.

Akazi awo tinkawatchula anganga. Anali mayi wamfupi, wothamanga pa chilichonse, woti akafuna chinthu ngakhale mbuzi inkadziwa. Ine ndinakulira m'manja mwa awiriwa, poti mayi anga, a Esinati, ankathyola tiyi ku esiteti ndipo ankabwera pakutha pa mwezi.

Kutchalitchi kwathu abusa sankatseka ulaliki osaitana. Ankatsitsa mawu, kwaya n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi, iwo n'kunena kuti amene akufuna kupereka moyo wake kwa Yesu abwere kutsogolo. Anthu ankapita, ena akulira, ena akuyang'ana pansi, n'kukagwada pamkeka. Anganga anapita kalekale ali mtsikana. Ine ndinapita ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndivomere kuti ndinangotsatira mnzanga Lusiya. Koma agogo ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, mwendo atautambasulira m'kanjira kapakati, ndipo abusa akaitana iwo ankangoyang'ana malata.

Sikuti anali osapemphera. Asanadye ankavula chipewa n'kupemphera m'Chilomwe nthawi yaitali mpaka ndiwo kuzizira. Chimene ankakana ndi kuyenda pamaso pa anthu.

"Make Esinati, kodi Mulungu amaona benchi loyamba lokha?" ankatero. "Ine ndinkayankhula naye kuphiri ku Chambe, nkhungu itatseka njira, chikwama cha mlendo chili kumsana. Kunalibe kwaya kumeneko."

"Kuyankhula naye ndi kwina, kudzipereka ndi kwina, bambo," anganga ankayankha akupeta nandolo. "Mukufuna ine kumwambako ndikakhale ngati mbeta?"

Tinkaseka, iwonso ankaseka. Koma chaka chomwe ndinali Sitandade 4 agogo anagonekedwa kuchipatala cha pa boma ndi chibayo, ndipo anabwerako ataonda moti jekete linkangolendewera. Kuyambira pamenepo anganga anasiya kuseka nkhaniyi. Ankaopa zenizeni kuti amuna awo amwalira asanapite kutsogolo, ndiye kuti akasiyana mpaka kalekale. Tsiku lina ndinawapeza kumtsinje atasiya zochapa pamwala, akungoyang'ana madzi, misozi ili mbwembwembwe. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali ndisanaonepo anganga akusowa chochita.

Koma sanachedwe kupeza nzeru. Iwo ndi amene ankasesa m'tchalitchi Lamulungu m'mawa, choncho anauza agogo kuti azinyamuliratu kampando kaja kuti odwala asamavutike nako. Lamulungu loyamba anakaika pamalo pake. Lamulungu lachiwiri anakasendeza benchi limodzi kutsogolo. Agogo analowa, anayang'ana pomwe ankakhala, anayang'ana kampando, n'kukakhalapo. Lamulungu lotsatira kanasenderanso. Sabata ina anganga anapupuluma n'kulumphitsa mabenchi awiri, agogo anakabweza limodzi, anganga n'kuphunzirapo kudekha.

Mpingo wonse unazindikira. Amayi ankagwirana zigongono, anyamata a kwaya ankawerenga mabenchi otsala ndi zala, ngakhale abusa ankachita ngati akukonza tayi pobisa kumwetulira. Pobwerera kunyumba tsiku lina agogo anati, "Make Esinati, tchalitchi chathuchi chayamba kufupika."

"Ndi ukalamba umenewo, bambo," anatero anganga, maso ali kunjira.

Maganizo awo anali akuti kampando kakafika kutsogolo, agogo sadzafunikanso kuyenda. Adzangoimirira pomwe alipo, abusa n'kuwasanjika manja, nkhani n'kutha.

Tsikulo linafika m'nyengo ya chiperoni, tonse titafunda zitenje, mawindo akudontha. Kampando kanali pambali pa benchi loyamba, mwendo wa agogo utatsala pang'ono kukhudza mkeka wogwadira. Abusa anatsitsa mawu, kwaya inayamba kung'ung'udza, ndipo m'tchalitchi monse munalibe amene ankayang'ana abusa. Agogo anagwira bondo, anadzuka pang'onopang'ono. Anganga anagwira pakamwa. Kenako agogo anawerama, ananyamula kampando kawo, anatembenuka n'kuyamba kubwerera kumbuyo.

Mtima wanga unagwa. Anganga anaweramira m'chitenje, kwaya inasokonekera, ena anasiya kuimba. Agogo anayenda mpaka pachitseko, anaika kampando pamalo pake pakale, anakonza jekete, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Ine si katundu woti andinyamule. Ngati n'kupita, ndipita ndi miyendo yangayi."

Ndipo anauyamba ulendo. Tchalitchi chathu sichinali chachikulu, koma kwa mawondo amenewo unali mtunda. Ankaponda kamodzi, n'kupuma, dzanja lili pa benchi, n'kupondanso. Mkulu wina wa mpingo anafuna kuwagwira mkono, iwo anamukankha ndi chigongono. Chapakati penipeni anaima kanthawi, ndipo nkhope yawo inasintha. Atafika pamkeka anagwada, mawondo analira kuti thethethe mpaka ife akumbuyo tinamva, ndipo anganga anaimba nthungululu yomwe sindinaimvenso kwina kulikonse. Anavina kuzungulira amuna awo abusa asanamalize n'komwe pemphero. Kuwadzutsa pamkekapo panafunika amuna awiri, ndipo apa sanakane.

Masana amenewo tambala wamkulu wa pakhomo anaphedwa, ngakhale ankasungidwira Khirisimasi. Anganga ankaimba akusosola nthenga, akuthira mchere kawiri osazindikira, ndipo tinadya nkhuku yowawa mchereyo tikuseka mpaka m'mimba kupweteka. Agogo anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo pamaliro awo anganga analira ngati munthu woperekeza mnzake pa siteji, wodziwa kuti basi yotsatira ndi yake.

Ndili ku sekondale, nditayamba kukonda mtsutso, ndinawafunsa agogo ngati kuyenda mapazi ochepa amenewo ndi kumene kumapulumutsa munthu. Ndinkayembekeza kuti anena kuti anangochita zokondweretsa akazi awo. Anasenda nzimbe, kenako anati, "Kuyendako sikupulumutsa, mdzukulu wanga. Ndipo usadzawauze, koma ndinanyamuka chifukwa cha anganga akowa, ndinatopa kuwaona akulira. Koma pofika pakati paja ndinali nditawaiwala. Ndinapeza kuti pali wina amene akundidikira."

Lero kutchalitchi kwathu abusa akaitana, ndimaona ena akunyamuka chifukwa cha mkazi, ena chifukwa cha mnzawo, monga ndinachitira ine ndi Lusiya. Anzanga amanong'ona kuti ameneyu sakudziwa chimene akuchita. Ine ndimangochotsa mwendo m'kanjira kuti adutse.