Singano ya achimwene Matiyasi

Kaphokoso kake kanali kakang'ono, ngati nkhuku ikujompha mphale m'lichero: tho, tho, tho, kenako zii, kenakonso tho, tho. Kankachokera m'kanyumba ka achimwene anga a Matiyasi, kuseri kwa nkhokwe, ndipo m'menemo munalibe nyali. Ndinagwira mwendo wa mwana wanga Edita, ndikumvetsera mpaka tulo tinandithawiratu.

Achimwenewa sindinkawadziwa kwenikweni. Nthomba inawadya maso ali kamnyamata, ine ndikadali kumsana. Amishoni anawatengera kusukulu ya akhungu, ndipo atakula Boma linawapezera ntchito ku Fort Jameson, yoluka mipando ya m'maofesi. Anabwerera kuno kwathu, m'njira ya ku Tamanda, m'chaka cha 1944 amayi atangomwalira. Katundu wawo anali ndodo, mpeni ndi kabokosi kachitsulo.

Ndi munthu wamtali, wa zipsera kumaso, wosakonda kuperekezedwa. Ukawagwira dzanja amalikutumula. Ndevu amameta okha. M'mawa salankhulika mpaka atafwenkha fodya, ndipo pamtengo wa dengu sagonja ngakhale wogulayo akhale mkulu wa mpingo. Chimene chinkandiopsa ine n'chakuti ukamayenda chozemba, iwo amakhala atatembenuzira kale nkhope kumene uliko.

Edita chikuku chinamugwira dzinja lapitalo. Anachira, koma maso anayera ngati mkaka. Bambo ake a Abel ali kunkhondo ku Bama, sakudziwa n'komwe.

Mtedza uli pafupi kukumbidwa, kunabwera mesenjala wa ku Boma dzina lake Fulansisi, panjinga, chisoti chofiira kumutu. Anati Boma tsopano layamba kulipirira ana akhungu kusukulu ija, chakudya ndi bulangeti zaulere, ndipo akakula adzapatsidwa ntchito. Lole idzabwera kudzawatenga tikamaliza kukolola. Atatha kulengeza sanapite. Anakakhala pansi pa mango ndi achimwene, akunong'onezana mpaka dzuwa linapendeka.

Kuchitsime, a Ketilina, amake Paulo, oyandikana nafe, anandikokera pambali.

"Amake Edita, inu munapita kusukulu, tandiuzani. Boma limene linatenga amuna anu, limene limagwira anthu kukalima m'mafamu a azungu, layamba liti kugawa mabulangeti?"

"Kaya."

"Asilikali akutha magazi kunkhondoko. Mukuganiza kuti owonjezera awatenga kuti? Amenewa ndi anamapopa, mayi. Asankha akhungu chifukwa mwana wosaona sangaloze amene wamubaya."

Ine ndinafika Sitandade 6 ku Tamanda, ndipo aphunzitsi ankati za anamapopa n'zamabodza. Koma aphunzitsiwo analibe mwana woti akwere lole. Komanso mwa mwambo wathu mwini mbumba ndi achimwene. Iwo akavomera kuti mdzukulu wawo apite, ine mayi wake mawu ndilibe.

Lamulungu achimwene atapita kutchalitchi, ndinalowa m'kanyumba kawo n'kutsegula kabokosi kaja. Munali tizitsulo tiwiri tophatikizana ta mabowo ambirimbiri, mapepala okhuthala otupa timatuza ngati khungu la munthu wa nsungu, ndi singano yaifupi, yonenepa, ya chigwiriro chamtengo. Chigwirirocho chinali chitada ndi thukuta. Ndinabwezera zonse mofulumira n'kutuluka.

Kuyambira tsikulo Edita ndinkapita naye kulikonse, ngakhale kumunda. Koma Lachitatu mbuzi zinalowa m'dimba, ndinamusiya pakhonde kuti ndikazipirikitse. Pobwera pakhonde panalibe munthu. Ndinamva kulira kwake m'kanyumba kaja.

Ndinawapeza achimwene atamukhazika pamwendo, singano ija ili m'dzanja lawo, chala cha mwana chikutuluka magazi.

Sindikumbuka zonse zimene ndinakuwa. Ndinawalanda mwanayo n'kuthamangira panja, anthu n'kuyamba kusonkhana, a Ketilina patsogolo atanyamula musi. Achimwene anatuluka pang'onopang'ono, opanda ndodo, n'kuima pakhomo.

"Lenia, ukundiyesa chiyani?"

"Mwamugulitsa zingati mwana wanga? Magaziwa mukupita nawo kuti?"

"Kadontho kameneka? Ndiye kuti azunguwo ndi osauka kuposa ife."

Wina anaseka, koma ine ayi.

"Edita, uza amako," iwo anatero. "Wakubaya ndani?"

"Ndadzibaya ndekha," anayankha akusisima. "Amalume anati ndisaike chala kunsi, ine ndinaika."

"Nanga singanoyo ndi yachiyani?" a Ketilina anafunsa, musi ukadali m'mwamba.

"Tsitsani kaye musiwo, amake Paulo, ndaumva mukugunda nawo nkhokwe. Lenia, katenge mapepala aja. Ukudziwa pamene ali. Lamulungu unawabwezera chozondoka."

Ndinapita kukawatenga mwamanyazi. Achimwene anakhala pansi, n'kupana pepala pakati pa tizitsulo tija, n'kuyamba kubaya m'mabowomo kuchokera kudzanja lamanja. Tho, tho, tho. Atatembenuza pepalalo, kunali timatuza tija. Anati kumeneko ndiko kulemba kwa akhungu, ndipo amawerenga ndi nsonga ya chala. Buku lawo la nyimbo za m'tchalitchi linadyedwa ndi chiswe, ndiye ankazilembanso asanaziiwale. Masana amaluka madengu, usiku amalemba, poti kwa iwo nyali n'kutaya parafini.

Ndinasakaniza mapepalawo n'kuwapatsa limodzi lapakati. Anayendetsa chala n'kutchula nyimbo yake. Ndinawapatsa lina, n'kutchulanso. A Ketilina anati mwina angoloweza, kapena ali ndi kanthu kamene kamawanong'oneza, koma anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi. Tinatsala atatu, Edita akuyamwa chala chake.

Mtima wanga sunatsike. Za singano ndinamva, koma za lole palibe amene anali atandiyankha.

"Achimwene, munkanong'onezana chiyani ndi mesenjala uja?"

Anapukuta singanoyo pamalaya.

"Akufuna ndizizungulira m'midzi kuuza makolo kuti apereke ana. Akuti wakhungu mnzawo adzamukhulupirira. Akutinso kusukuluko kukufunika wophunzitsa kuluka, ndipo Boma lizilipira."

"Inu munavomera?"

"Sindinayankhe."

"Chifukwa?"

"Chifukwa nanenso sindikudziwa, mlongo wanga. Sukulu imene ndikuidziwa ine ndi yakale. Tinkagona ndi njala nthawi zina, ndipo mphunzitsi wina ankatimenya zala ndi rula, zala zomwezi zowerengera. Koma palibe anandipopa magazi, ndipo ndinatulukako ndikutha kudzidyetsa. Tsopano mwalowa dzanja la Boma. Boma limeneli linandiuza kuti ntchito ya mipando ndi yanga mpaka imfa. Litaona kuti akaidi angaluke ulere, linandiuza kuti ndizikapuma kumudzi. Ndiye ndikamva likulonjeza bulangeti, ndimafuna ndiligwire kaye bulangetilo."

"Basi Edita sapita. Ndimubisa kwa azakhali ku Chipangali."

"Umubisa mpaka liti? Iwe udzakalamba. Ine wakhungu wosaphunzira ndinamupeza pamsika ku Fort Jameson, atakhala padzuwa ndi kambale, ana akumuponyera miyala m'kambalemo kuti amve akuthokoza. Mdzukulu wanga ameneyo ayi."

Ndinalira pamenepo, osati mokuwa. Edita anandisisita kumaso n'kufunsa ngati amalume andibaya nanenso.

Loweruka Fulansisi anabweranso, akuliza belu la njinga kuyambira kumsewu. Ndinamubereka Edita kumsana ngakhale ndi wamkulu kale, n'kuima pafupi kuti ndimve zonse.

"A Matiyasi, bwana ku Boma akudikira yankho. Kamwanaka tikawerengere malo?"

"Ayi."

"Aa! Inu amene munadya nawo za sukuluyo?"

"Ndinadya, n'chifukwa chake ndikufuna ndikalawe kaye ngati mchere wake ndi womwewo. Kauzeni bwana wanu kuti m'midzi sindizungulira. Sindingaitanire ana a eni ake kumalo kumene sindinagoneko chaka chino. Koma ntchito yophunzitsa kulukayo ndiitenga."

"Nanga lole ikabwera?"

"Mudzakweze ine. Mwana atsale ndi amake."

Fulansisi anavula chisoti n'kukanda m'mutu. Anati bwana sakondwa, chifukwa anamuuza kuti abweretse ana, osati madoda a ndevu. Achimwene anati bwanayo akafuna adzabwere yekha adzakambirane ndi mwini mbumba. Mesenjala anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mapazi a Edita akulendewera m'chiuno mwanga, n'kukwera njinga yake. Belu sanalizenso.

Atapita ndinafunsa achimwene kuti kumeneko akadziwa bwanji zoona, poti nawonso saona.

"Ndikagona m'nyumba imodzi ndi anawo," anatero. "Ndikadya m'mbale yawo. Aliyense ndikam'dziwa mawu ake ndi kayendedwe kake, ndipo m'mawa uliwonse ndizikawagwira manja ndi mikono. Wina akasowa, kapena akadzuka ndi bala losadziwika, ndidziwa tsiku lomwelo."

"Mukapeza zoipa?"

"Ndibwera wapansi, ndipo Edita ndizimuphunzitsa ndekha pakhonde pano, Boma lilankhule zimene lingalankhule. Ndikapeza zabwino, ndibwerabe wapansi, mvula yoyamba isanagwe. Ndidzamutenga ndi dzanja langa, iwenso upite nawo ukaone pogona pake ndi maso akowo. Pa lole yekha sakwera."

Sindinavomere, sindinakane. Iwo anaitana Edita kuti awatengere ndodo, n'kunena kuti mawa ayamba kumaliza madengu a anthu amene analandira kale nsungwi zawo, kuti lole ikadzafika isadzawapeze ndi ntchito ya eni ake m'manja.