Kaseti ya a Dainess

A Dainess Zulu ndinawadziwa m'kwaya ya parishi yathu, kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata. Ankaima mzere wakumbuyo, kumapeto kwenikweni pafupi ndi zenera. Amuna anga atamwalira ndinakhala chaka osaimba, ndipo nditavula zakuda n'kubwerera, malo amene ndinapeza anali pambali pawo. Mawu awo anali apansi, osamveka patali. Munthu ankafunika kuima nawo moyandikana kuti adziwe kuti ena tonse tikasochera, iwo ndiwo ankatibweza.

Anabadwira ku Chipangali, kwa makolo olima thonje ndi nshawa. Sukulu analekezera giredi faifi. Anakwatiwa ndi dalaivala wa malole odutsa pa Mwami kupita ku Malawi, ndipo ulendo wina, ana ali atatu, bamboyo anadutsa osabwereranso. Sanafe ayi, anthu ankamuona ku Lilongwe. A Dainess sankamutchula, kaya pomudandaula kaya pomunyoza. Anayamba kugulitsa salaula pamsika, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, makamaka majekete ndi majuzi, ndipo ana aja anakulira m'zimenezo.

Ntchito ya salaula ili ndi mwambo wake. Belo likatsegulidwa, usanachape kapena kusita chilichonse, umayamba wapisa m'matumba monse, ndipo chimene wapezamo ndi chako. Anzawo ankataya zopanda ntchito, koma a Dainess ankasunga zonse m'chitini cha mabisiketi: matikiti a basi a mayiko osadziwika, kiyi wopanda loko, chithunzi cha galu atavala juzi. Ankati akagwira tikiti amauona msewu wake, ndi anthu amene ali m'basimo. Mu Epulo 1999, kuzizira kuli pafupi, anatsegula belo la majekete, ndipo m'thumba lam'kati la kajekete kofiira anapezamo kaseti. Inali yojambula munthu kunyumba, yolembedwa pamanja ndi zilembo za timizere ndi timagudumu.

Anabwera nayo kwanga chifukwa wailesi ya kaseti ya malemu inali ikugwirabe ntchito. Anandipeza masana ndikusenda nshawa pakhonde.

"Amake Rozi, tayikani iyi timve. Kapena ndi ulaliki wa Achina."

"Ukakhala ulaliki, mumasulira ndinu, amake Tamiwe."

Sunali ulaliki. Zinali nyimbo khumi ndi imodzi, zonse za atsikana. Zina ankaimba atatu kapena anayi, akulandizana mawu mofulumira ngati ana akuponyerana mpira, kenako n'kukumana onse pamodzi mwadzidzidzi. Zina ankaimba mmodzi yekha. Sitinamve liwu ngakhale limodzi. Mbali yoyamba itatha ndinaona kuti a Dainess agwira nshawa imodzi yomweyo chiyambire, osaiswa.

Kuyambira tsiku limenelo Lachitatu masana linakhala tsiku la kaseti. Mabatire tinkawayanika padzuwa, ndipo pobweza tepi tinkaipota ndi bolopeni kuti asathe msanga. A Dainess anazitcha nyimbozo maina. Inalipo Ya Njinga, yothamanga, imene ankati atsikana ake akutsika phiri mabuleki atafa koma akuseka. Inalipo Ya Mvula, yoyamba ndi timawu todontha ngati madontho oyamba padenga lamalata. Ina ankaitcha Ya Amwano, chifukwa pakati pake mtsikana wina ankaleka kuimba n'kuyamba kulankhula mokalipa.

"Ameneyu ndi wachisamba," ankatero. "Akudzudzula ang'ono ake kuti sanatsuke mbale."

Koma ya pamtima pawo inali yachiwiri kumbali yachiwiri. Ankaimba mkazi mmodzi, pang'onopang'ono, kuyambira pansi ngati akudzilankhula yekha, kenako n'kukwera, n'kukweranso, mpaka pamalo ena pamene mawu ake ankanjenjemera koma osagwa. Iyi sanaitche dzina. Ankangoti, "Potani, tifike pa ijayi." Ikamalira ankatsinzina. Tsiku lina anandiuza kuti amamuona mwini jekete lija, mtsikana woonda waima pamlatho, kumusi kwake kuli madzi ambiri. Lachitatu lotsatira anati si mlatho, ndi khonde la nyumba yosanja, ndipo wanyamula mwana wa mchemwali wake. Sabata iliyonse mtsikanayo ankasamukira kwina, ndipo ine ndinkamutsatira komweko manja ali m'lichero.

Sipanapite nthawi, ndinayamba kuwamva akung'ung'udza nyimbo ija ndi mawu achinyanja. Anali mawu opita kwa Amayi Maria, osavuta: "Amayi, ndakhala panjira, dzuwa lapendeka, ndidikireni." Anapeka ndime zinayi, akusita majekete ndi ayironi yamakala. Zaka makumi awiri anali ataimba nyimbo za ena, ndipo iyi inali yoyamba kutuluka mwa iwo.

Mwezi wa Juni a Lyford Tembo, otsogolera kwaya, analengeza kuti pakufunika nyimbo yatsopano ya chikondwerero cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria, pa 15 Ogasiti. A Lyford anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wolungama ndi wosamala. Anali ndi lamulo limodzi losasinthika: aliyense wobweretsa nyimbo anene pamaso pa onse kumene chuni chake chachokera. Lamuloli analiika zaka zapitazo, munthu wina atabweretsa chuni cha kumabala, anthu n'kumaseka chamumtima nthawi ya Ukaristiya.

A Dainess anaimirira n'kuimba. Pofika pamene nyimbo imakwera kachiwiri, amayi a kutsogolo anali atatembenuka onse.

"Mayi Zulu," anatero a Lyford, atavula magalasi, "chuni ichi mwachitenga kuti?"

"Ndinachilota, aphunzitsi."

Kwathu kuno zimenezi sizachilendo, opeka nyimbo ambiri amatero. A Lyford analemba m'kope mwawo. Ine ndinayang'ana pansi. Pobwerera ndinawayandikira.

"Amake Tamiwe, mwanama m'nyumba ya Mulungu."

"Sindinaname kwambiri. Kodi sindiilota?"

"Munayamba mwaimva pakhonde panga."

"Ndikanati ya m'thumba la jekete, akanailola? Amake Rozi, ndiimve kamodzi kokha ikuimbidwa ndi tchalitchi chonse. Kamodzi. Ndikatero ndikaulula."

Masabata asanu ndi limodzi tinaiphunzira. A Lyford anaiikira mabesi ndi matenala, n'kuwasuntha a Dainess kuwaika kutsogolo kuti aziyambitsa ndime. A Dainess anasoketsa bulauzi yoyera. Pamsika anzawo ankati ayamba kuiwala kuitanira malonda, munthu akupima jekete iwo maso ali kumapiri, milomo ikuyenda.

Loweruka lina, kutatsala masabata awiri, tikuyeserera m'tchalitchi zitseko zili zotsegula, pakhomo panaima asisitere achilendo. Anali Sisitere Agnesi, a ku Koreya, amene anabwera kumayambiriro kwa chaka kudzagwira ntchito pa kachipatala kena cha ku Kasenengwa. Tsikulo anabwera m'tauni kudzagula mankhwala, n'kupatukira kwa ansembe athu. Anaima dzanja lili pakamwa. Kenako analowa pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, ndipo titafika pokwera paja, anayamba kuimba nafe m'chinenero chawo, misozi ikutsika. Mawu ake anali omwe aja a pakhonde panga.

A Lyford anatsitsa dzanja, kwaya n'kuima.

"Asisitere, nyimboyi mukuidziwa?"

"Kwambiri, abambo!" Chinyanja chawo chinali chochedwa koma chomveka. "Kwathu aliyense akuidziwa. Mng'ono wanga ankaimba m'mawa, masana, mpaka amayi kukwiya. Ine ndimaganiza sindidzaimvanso."

"Ndi ya m'tchalitchi?"

Asisitere anaseka, akupukuta m'maso. "Ayi, ya pa wailesi. Mtsikana akudikira mnyamata pa siteshoni ya sitima. Kukuzizira, madzi oundana akugwa oyera ngati thonje. Mnyamata sakubwera."

Apo m'pamene anaona nkhope zathu, kuseka kuja n'kuthera panjira. A Dainess sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse, za belo, za jekete, za Lachitatu. Dzina langa sanalitchule, ndiye ndinaimirira ndekha n'kunena kuti wailesi inali yanga. A Lyford anatsegula kope lija n'kudula mzere umodzi ndi rula.

"Chuni si tchimo lalikulu," anatero. "Koma ndinakufunsani, mayi Zulu."

Asisitere anapepesa kangapo, akuwerama, ngati olakwa anali iwo. Panja anawagwira a Dainess manja onse awiri n'kuwauza kuti ija Ya Njinga ndi ya atsikana atatu, kuti kwawo atsikana otere amavala zofanana n'kumavina pa wailesi yakanema. A Dainess anamvetsera, koma funso lawo linali limodzi.

"Nanga pomaliza, mnyamatayo amabwera?"

"Sabwera, amayi."

"Ndinadziwa," anatero. Anabwerera kunyumba osadutsa kwanga, ndipo Lachitatu lotsatira sanabwere.

Komiti ya kwaya inakhala Lamulungu Misa itatha. Ine sindili m'komiti, koma anandiitana pamodzi ndi a Dainess, tinakhala pabenchi yapambali. A Lyford ananena maganizo awo mosakweza mawu: nyimbo ya chibwenzi, yolowa ndi bodza, singaimbidwe paguwa. Palibe anawatsutsa. A Dainess anapepesa atagwada, ndipo a Lyford anawauza kuti adzuke.

Ndiye analankhula a Yosefina Mbewe, apampando a amayi, amene amagulitsa nsomba zouma ndipo saopa munthu.

"Aphunzitsi, tamva. M'tchalitchi siilowa. Koma ine mutu wanga ndi wokalamba, ndavutika masabata sikisi kulowetsamo ndime folo. Ndiitulutsa bwanji? Tandiuzani, tchalitchi chimayambira pati?"

"Pakhomo, mayi."

"Pakhomo penipeni, kapena pamasitepe?"

Ena anaseka. A Lyford sanaseke, anaganiza ndithu, chifukwa ndi munthu wofuna kuyankha zoona. Anati bwalo nalonso ndi lodalitsidwa, popeza timazunguliramo ndi Sakramenti. Malire akhale mtengo wa mthethe pamene pamapachikidwa chitsulo cha gudumu la lole chimene timaimba ngati belu.

"Kuseri kwa mtengowo ndi msewu wa boma," anatero. "Kumeneko ine ndilibe mphamvu."

Pa chikondwerero chimenechi amayi a m'miphakati yonse timabwera ndi zopereka za m'munda. Timakumana pamphambano, pamene kanjira ka kutchalitchi kamasiyana ndi msewu waukulu, n'kuyenda pamodzi malichero ali pamutu, ansembe akutidikira pakhomo kuti Misa iyambe. Tinagwirizana kuti nyimbo ija tidzaiimbire panjira imeneyi. Mawa lake la msonkhano wa komiti uja, madzulo, a Dainess anakayesa okha mtundawo, akuimba chapansipansi. Anabwera kwanga nkhope itagwa.

"Njirayo ndi yaifupi, amake Rozi. Ndime ziwiri zokha, ndafika kale pamtengo."

Tinakawauza a Yosefina. Anangoti, "Inu mudzayambitse. Za miyendo musiyire ine."

Pa 15 Ogasiti kunacha ndi mphepo ija youma, kumwamba kopanda mtambo, mapiri akuoneka otuwa chifukwa cha utsi wa lupsa. Tinalipo amayi oposa makumi asanu ndi limodzi, titanyamula nshawa, chimanga, maungu, wina thonje loyera m'beseni. A Yosefina anaima kutsogolo n'kutambasula manja kuti pasapezeke wowapitirira. A Dainess anali pambuyo pawo, atavala bulauzi yoyera ija. Anayamba pansi, monga mwa mawu awo, ndipo kwa nthawi yoyamba tonse tinakhala chete mokwanira kuti amveke.

Sindinayendepo pang'onopang'ono chotero m'moyo wanga. Phazi limodzi kutsogolo, kuima, kuyendetsa thupi kumanzere ndi kumanja, kenako linzake. Fumbi silinkakwera n'komwe. Anthu a panjinga anatsika n'kuima m'mbali. Ndime yachiwiri itayamba, abambo a mabesi amene anali kale m'bwalo anatuluka mmodzimmodzi kudzaima kuseri kwa mthethe, kumbali ya msewu, n'kulandira. Sisitere Agnesi anali pakati pathu atasenza kalichero kobwereka, akukagwira ndi manja awiri, akuimba mawu a a Dainess.

Ansembe anadikira pakhomo padzuwa. A Lyford anaima pansi pa mtengo, mbali ya tchalitchi, akuyang'ana wotchi, kenako ife, kenako wotchi. Misa inachedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu, ndipo sanatiuze kuti tifulumire.

Ndime yachinayi inatha a Yosefina atatsala ndi mapazi atatu kuti afike pamthunzi. Tinaima. A Dainess anapuma mozama, n'kukonza lichero lawo pamutu. A Lyford anakweza dzanja, kutipatsa chuni cha nyimbo yakale yolowera, ndipo tinadutsa pamtengo tikuimba imeneyo. M'kati a Dainess anapita okha kumzere wakumbuyo, ine n'kuwasendera kuti akhale kuzenera.